Mafunso Anu: Mtima Wothandiza Ulipo, Nanga Ntchito Yake Imayambira Pati?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za umphawi ndi ntchito yothandiza anthu amene agwa m'mavuto. Tasankhapo ochepa ochokera mu mzinda wa Blantyre. Akuyankha ndi alangizi athu pa za ngozi zogwa mwadzidzidzi, zaumoyo ndi kadyedwe.

Akonzi, ndalemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Ndikaonera za ku Sudan ndi ku Gaza pa kanema mtima umandiwawa, ndipo ndimalakalaka nditadzagwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu kunja. Ndiphunzire chiyani, nanga ndiyambire pati?
*Mtsikana wa ku Ndirande*

Achemwali, mtima umenewo muusunge, mudzaufuna. Koma tisakubisireni: palibe bungwe limene limalemba munthu ntchito chifukwa ali ndi chisoni. Limalemba namwino, dalaivala, wowerengera ndalama, katswiri wa madzi ndi zimbudzi, woyang'anira nyumba yosungira katundu. Tsiku la intavyu adzakufunsani chimene manja anu amatha.

Maphunziro ake ali pafupi. Ku KUHeS ndi ku Malawi College of Health Sciences kuli unamwino ndi ntchito zina zachipatala. Ku MUBAS kuli uinjiniya, zowerengera ndalama ndi maphunziro a ukhondo ndi umoyo wa m'madera. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ku LUANAR kuli za kadyedwe ndi ulimi. Gawo limene achinyamata amalinyoza, chonsecho anthu ake amasowa, ndi la kayendetsedwe ka katundu. Chakudya chambiri chimaonongeka chisanafike kwa wanjala. Matumba akaunjikidwa pa simenti popanda mapaleti (matabwa osanjikapo katundu) amakoka chinyezi, akagunda khoma mphepo sipita ndipo anankafumbwe amaswana osaoneka, ndipo ngati thumba lolowa koyamba silituluka koyamba, la pansi limawola. Munthu wodziwa kusunga kadi la mulu uliwonse, woti manambala a m'buku ndi matumba a m'nyumba amagwirizana, amapulumutsa miyoyo ngati namwino yemwe.

Poyambira ndi pomwe muli. Pitani ku nthambi ya Malawi Red Cross Society ya ku Blantyre mukafunse za kulembetsa ngati wongodzipereka ndi za maphunziro a chithandizo choyamba. Funsani kwa khansala kapena kwa mfumu za komiti yoona za ngozi ya m'dera lanu, chifukwa makomiti amenewa ndi amene amagwira ntchito ndi khonsolo komanso nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Ndipo gulani kope. Ntchito iliyonse mulembe tsiku, malo, chimene munachita, anthu angati, ndi amene amakuyang'anirani, kenako mupemphe kalata ntchitoyo ikangotha. Ambiri amadzipereka zaka zitatu koma pofunsira ntchito alibe pepala ngakhale limodzi losonyeza.

Makwerero ake nthawi zambiri amayenda chonchi: wongodzipereka, kenako wolemba kalembera kapena kafukufuku wa masabata ochepa, kenako mlangizi wa kumudzi, kenako woyang'anira anzake. Mabungwe otumiza anthu kunja, monga Médecins Sans Frontières ndi UN Volunteers, amafuna munthu amene wagwira kale ntchito yake, kawirikawiri zaka ziwiri kapena kuposa. Podikira, phunzirani Excel mpaka muziitha bwino, komanso KoboToolbox, imene amalembera kafukufuku pa foni. Pa intaneti pali maphunziro aulere a Kaya ndi DisasterReady, ndipo ntchito zenizeni zimalengezedwa pa ReliefWeb. Chifalansa chimatsegula khomo la ku Congo ndi maiko a kumadzulo kwa Africa, Chipwitikizi la ku Mozambique. Musaiwale Chisena: madzi akasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, wochidziwa amamva zimene agogo akudandaula pomwe anzake akudikira womasulira.

Zina ndi zowawa koma muyenera kuzidziwa. Makontilakiti ambiri ndi a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Mu 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lakunja ndi kutseka USAID, ndipo anthu ambiri kuno anachotsedwa ntchito mwadzidzidzi. N'chifukwa chake tikuti sankhani luso loti lingakudyetseni ngakhale mabungwe atachoka. Ntchitoyi ilinso ndi imfa: bungwe la United Nations linati mu 2024 ogwira ntchito yothandiza anthu oposa 380 anaphedwa, ambiri mwa iwo ali m'dziko lakwawo lomwe. Tsiku la 19 August amalikumbukira chaka ndi chaka chifukwa patsikuli mu 2003 bomba linapha anthu 22 pa ofesi ya bungweli ku Baghdad.

Komanso musaone ngati mavuto enieni ali kutali. Kampu ya Dzaleka ku Dowa, imene inatsegulidwa mu 1994, inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ndipo inu a ku Ndirande simufunika kuuzidwa zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023.

Ndine mphunzitsi wa sekondale. Ophunzira amandifunsa tanthauzo la mawu oti munthu "akukhala pansi pa madola atatu patsiku". Ena akasintha ndalamazo kukhala makwacha amati ndiye kuti kwawo si osauka. Ndiwafotokozere bwanji?
*Mphunzitsi wa ku Chirimba*

Aphunzitsi, ophunzira anu akulakwitsa pamene akuluakulu ambiri amalakwitsa. Mlingo umenewu ndi wa World Bank, ndipo wakhala ukusintha: unali dola imodzi mu 1990, $1.25 mu 2008, $1.90 mu 2015, $2.15 mu 2022, ndipo mu June 2025 unafika $3.00. Madolawa si a ku banki kapena a pamsika wakuda. Amawerengera mphamvu yogulira, ndiye kuti katundu amene madola atatu akanagula ku America pa mitengo ya 2021. Poti zinthu zambiri kuno ndi zotchipa kuyerekeza ndi kumeneko, makwacha ake amakhala ochepa kuposa amene mungapeze mutasintha pa mtengo wa banki. Chachiwiri, ndi za munthu mmodzi, osati banja: nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi, zonse zimene amagwiritsa ntchito muzigawe kasanu ndi kamodzi. Chachitatu, chimanga cholima okha ndi masamba a kudimba amaziwerengeranso mtengo.

Pa mlingo watsopanowu, anthu pafupifupi 800 miliyoni padziko lonse ali mu umphawi wadzaoneni, ngati munthu mmodzi pa 10 alionse. Mu 1990 anali oposa 2 biliyoni. Chiwerengero chinatsika kwambiri chifukwa cha China ndi India, ndipo lero ambiri mwa otsalawo ali ku Africa kuno, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Muwachenjeze ophunzira kuti mlingo ukakwezedwa chiwerengero chimakwera tsiku lomwelo, popanda munthu amene wasauka usiku umenewo, choncho poyerekeza zaka ziwiri ayambe aona ngati mlingo ndi umodzi.

Kwathu kuno, pa mlingo wa $2.15 anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse anali pansi pake. Tilinso ndi mlingo wathuwathu wochokera ku National Statistical Office ku Zomba: kafukufuku wa 2019/20 anapeza kuti 50.7 peresenti ndi osauka, ndipo 20.5 peresenti ndi osaukitsitsa, oti ngakhale chakudya chokha sakwanitsa. Dziwani kuti manambalawa anatengedwa kwacha isanagwetsedwe mu May 2022 ndi mu November 2023.

Njira yabwino yophunzitsira ndi kuwatuma ku msika wa Chirimba ndi kope. Alembe mtengo wa ka wokumani ka ufa, mulu wa bonya, kajumbo ka makala, ndowa ya madzi pa kiyosiki, ndi lendi ya mwezi ataigawa ndi 30. Akaphatikiza n'kuyerekeza ndi ganyu ya tsiku limodzi, adzaona okha chifukwa chake wa m'tauni, amene amagula chilichonse, amatha kugona ndi njala ndalama ili m'thumba.

Ndife amayi a mpingo wina. Nthawi ya Freddy tinasonkha zovala ndi ufa n'kupita nazo pa kampu ina. Titangotsegula galimoto anthu anakhamukira, amphamvu analanda, agogo ndi amayi a makanda anabwerera chimanjamanja. Tinachoka tikulira. Mvula ikubweranso, tichite bwanji kuti zisadzachitikenso?
*Mayi wa ku Zingwangwa*

Mayi, musadziimbe mlandu, ndipo musawaone anthu aja ngati opanda khalidwe. Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, ndipo oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Munthu amene nyumba yake yapita ndi matope a m'phiri la Soche, akaona galimoto yotsegula ndipo sakudziwa ngati zinthu zikwanira, amathamanga. Chipwirikiti chimayamba anthu akasowa chitsimikizo choti dzina lawo liitanidwa. Ndiye ntchito yaikulu imachitika galimoto isananyamuke.

Yambani mwapita chimanjamanja, anthu awiri kapena atatu. Kaonaneni ndi oona za ngozi ku khonsolo kuti akuuzeni kampu imene ikusowa thandizo, chifukwa makampu a m'mbali mwa msewu wa tala amalandira kangapo pomwe a kuseri sanaone kanthu. Pa kampupo khalani pansi ndi komiti, muonetsetse kuti mulinso amayi, mufunse chiwerengero cha mabanja, ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba ndi olumala, komanso chimene chikusowa. Mudzadabwa kumva kuti zovala zadzaza kalasi yonse koma sopo, ndowa, mapoto ndi nsalu za amayi akakhala kumwezi palibe.

Pali milingo imene mabungwe padziko lonse anagwirizana, yotchedwa Sphere, ndipo ndi yothandiza ngakhale kwa gulu la mpingo. Titenge kampu ya anthu 600 pa sukulu. Munthu mmodzi amafunika malita osachepera 15 a madzi patsiku, ndiye malita 9,000, kapena zigubu 450 za malita 20, tsiku lililonse. Mpopi umodzi usapose anthu 250. Chimbudzi chimodzi ndi cha anthu 20, ndiye zimbudzi 30, ngakhale masiku oyambirira amalola chimodzi pa anthu 50, zomwe ndi 12. Za amayi zikhale padera, zotsekeka m'kati, zowala usiku, ndipo dzenje litalikire chitsime kapena mjigo ndi mamita 30. Pogona, munthu amafunika malo a masikweyamita 3.5, kutanthauza kuti kalasi ya mamita 8 m'litali ndi 7 m'lifupi ndi ya anthu 16 okha. Kumbukirani kuchuluka kwa anthu amene munawaona m'kalasi imodzi, mudzamvetsa chifukwa chake chifuwa, mphere ndi kutsegula m'mimba zimafala msanga.

Chakudya nacho chili ndi masamu ake. Kuti munthu apeze mphamvu zokwana makalori 2,100 patsiku amafunika pafupifupi magalamu 450 a ufa, 60 a nyemba, 30 a mafuta ophikira ndi kamchere. Kwa anthu 600 ndi makilogalamu 270 a ufa, kuposa matumba asanu a makilogalamu 50, ndi makilogalamu 36 a nyemba, patsiku limodzi. Ngati mwasonkha matumba atatu, musati mugawire aliyense. Gwirizanani ndi komiti kuti apite ku khitchini ya onse, kapena kwa gulu limodzi lodziwika, monga phala la ana ndi amayi oyamwitsa, ndipo mulengeze poyera chifukwa chake.

Tsiku logawa lisanafike, longedzani kunyumba: phukusi limodzi banja limodzi, onse ofanana. Zovala muzichape, muzisankhe za ana, za amayi, za abambo, ndipo zong'ambika zitsale, chifukwa wovutika si dzala. Mndandanda wa mayina uwerengedwe pagulu dzulo lake kuti wosiyidwa adandaule nthawi ilipo, ndipo banja lililonse lilandire kakhadi ka nambala. Pamalopo mangani chingwe, khomo lolowera lina, lotulukira lina, galimoto iime patali ndi mzere. Anthu akhale pansi pamthunzi m'magulu a mabanja 10 kapena 20, muziitana gulu limodzi. Okalamba, olumala ndi oyembekezera ayambe, ndipo pakhale achinyamata owanyamulira. Wolandira asaine kapena adinde chala. Yambani m'mawa kuti amayi asayende ndi katundu mdima utagwa. Musapemphe chiphaso cha unzika ngati chokhacho chotsimikizira munthu, poti ambiri chinapita ndi madzi, komiti ndi anansi angamuchitire umboni.

Zinthu ziwiri musapereke. Mkaka wa m'chitini wa makanda ndi woopsa pa kampu, chifukwa umasungunulidwa ndi madzi okayikitsa m'mabotolo osatsuka bwino, mwana n'kutsegula m'mimba, mayi n'kusiya kuyamwitsa. Mankhwala otsala kunyumba nawonso ayi. Ndipo muziika ukhondo patsogolo: kolera ya 2022 mpaka 2023 inagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Ndowa zovundikira zokhala ndi kampopi, sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino, zimaposa mabelo a kaunjika. Klorini athire ndi alangizi a zaumoyo kapena amene awaphunzitsa. Madzi akakhala amatope ayambe adikha ndi kusefedwa, apo ayi mankhwala amathera m'matopemo, ndipo mukathira mudikire mphindi 30 musanamwe.

Chomaliza, musagawire mpingo wanu wokha kapena kuuza anthu kuti ayambe apemphera nanu. Lamulo la ntchitoyi ndi kuona kukula kwa vuto, osati chipembedzo, chipani kapena mtundu.

Ndalandira uthenga pa WhatsApp woti bungwe lina la UN likufuna achinyamata ogawa chakudya, koma nditumize K15,000 ya fomu pa foni. Nditumize?
*Mnyamata wa ku Bangwe*

Ayi achimwene, amenewo ndi akuba. Mabungwe a United Nations salipiritsa pa fomu, intavyu, maphunziro kapena kuyezedwa m'thupi. Onani ngati ntchitoyo ili pa tsamba lenileni la bungwelo kapena m'nyuzipepala, ndipo adiresi ya imelo ikakhala ya Gmail mukayikire. Bungwe lomwe si laboma lisanagwire ntchito m'dziko muno limalembetsa ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe otere, mukhoza kufunsa kumeneko. Musatumizenso chithunzi cha chiphaso chanu, amakatengera ngongole kapena kulembetsera manambala a foni obera ena.

Tili ndi gulu la achinyamata lodziwitsa anthu za umphawi pa Facebook. Timajambula ana ovala sanza ndi onyentchera kuti anthu akhudzidwe n'kupereka. Wina watidzudzula kuti tikuwachotsera ulemu. Kodi talakwa, poti cholinga chathu n'chabwino?
*Wachinyamata wa ku Chilomoni*

Wokudzudzulaniyo amakukondani. Dzifunseni kuti akanakhala mng'ono wanu, mukanalola kuti chithunzi chake ali ndi mamina chizungulire m'mafoni a anthu, n'kudzachipeza yekha ali ku sekondale? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Musanajambule, muuzeni kholo m'chilankhulo chake kuti chithunzicho chikaikidwa kuti, achiona ndani, komanso kuti chikapita pa intaneti sichibwerera. Amve kuti akakana thandizo alandirabe. Chilolezo chopemphedwa thumba la ufa lili m'manja mwanu si chilolezo. Mwanayo naye mumufunse. Musajambule mwana wosavala, musalembe dzina lake lonse, sukulu ndi mudzi pamodzi, ndipo za matenda a munthu musaulule.

Komanso chithunzi cha misozi chimabweretsa ndalama kamodzi, mawa anthu azolowera. Chimene chimasintha maganizo ndi kufotokoza chifukwa. Onetsani mayi wogulitsa zitumbuwa ndi masamu ake: ufa, mafuta, nkhuni, phindu lotsala, ndi chimene chimachitika mwana akadwala sabata imodzi. Fotokozani kusiyana kwa thandizo la pangozi ndi mapologalamu okhalitsa monga Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Tsiku la 17 October, lokumbukira nkhondo yothetsa umphawi padziko lonse, ndi mpata wabwino wochititsa zokambirana pa sukulu kapena pa wailesi. Mukasonkhetsa ndalama, zisalowe pa nambala ya munthu mmodzi popanda mboni, ndipo muzionetsa malisiti onse.

Za ana onyentcherawo, kujambula si kumene kukufunika msanga. Pemphani alangizi a zaumoyo akuphunzitseni kalamba koyezera mkono, kamene amangokatchula kuti MUAC, ka ana a miyezi 6 mpaka 59. Mumayeza mkono wamanzere, pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, mkono uli lende, kalambako osakoka kwambiri, osalekereranso. Kobiriwira ndi masentimita 12.5 kupita m'mwamba. Kachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, mwana wayamba kunyentchera. Kofiira, pansi pa 11.5, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Dinikizaninso pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, mwanayo watupikana, ndipo ali pangozi ngakhale akuoneka wonenepa. Akalandira chiponde cha kuchipatala, muwauze makolo kuti ndi mankhwala a mwana mmodziyo. Chimene chimalepheretsa ana ambiri kuchira ndi chakuti paketi imagawidwa kwa abale onse kapena kugulitsidwa pamsika.

Mng'ono wanga anauzidwa ndi wolemba mayina a olandira chimanga kuti agone naye kuti dzina lake lilowe. Akuopa kunena poti mwina banja lonse lichotsedwa. Tipite kuti?
*Mayi wa ku Machinjiri*

Pepani kwambiri mayi, ndipo mwachita bwino kulemba. Mng'ono wanu sanalakwe chilichonse. Thandizo ndi laulere, ndipo wofuna thupi, ndalama kapena gawo la chimanga kuti alembe dzina waphwanya lamulo la dziko komanso la bungwe lililonse loona. Malamulo a United Nations a 2003, amene mabungwe ogwira nawo ntchito amasainira, amaletsa kusinthanitsa thandizo ndi chiwerewere, ndiponso kugonana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Amakhudza ndi ongodzipereka omwe.

Lembani tsiku, malo ndi mawu amene ananena, ndipo mauthenga a pa foni musafufute. Musakakambirane ndi munthuyo kapena kulola kuti nkhani ithere kwa mfumu ndi chipepeso. Kaneneni ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma, komanso ku bungwe logawalo kudzera pa nambala yaulere kapena bokosi la madandaulo, osati kwa anzake a wolembayo. Ngati mng'ono wanu sanakwane zaka 18, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Kudandaula si chifukwa chochotsera banja pa mndandanda, ndipo wina akaopseza zimenezo mukazinenenso.

Ngati munthuyo anamugwira kale, apite kuchipatala lero, asadikire za kupolisi. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo pa chipatala cha Queen Elizabeth pali malo othandizira ochitiridwa nkhanza pomwe azaumoyo, apolisi ndi aphungu amapezeka pamodzi. Mupite naye, asayende yekha.